Tsiku limene ndinakafunsira mbeta ku dziko la eni

Anzanga, mukamaona ndikukana ulendo kumwamba kukada, musamati ndi ukalamba. Zinandionekera ndili mnyamata, zaka zija tinkayenda ndi khadi la chipani m'thumba, ndikuphunzitsa pasukulu ina kufupi ndi Kamwendo.

Mphwanga Yohane anali kalaliki ku boda, ndipo anakondana ndi mtsikana wa m'mudzi wina chakumalire konko, dzina lake Esinati, mfunda wake Naphiri. Kwathu ndi ku Ntcheu, amalume sakanatha kubwera, ndiye unkhoswe unagwera ine. Munthu wosakwatira, kumudziko sindinapondeko, koma ndinavomera mwamatama. Yohane anandilongosolera njira: ndikapitirira pa boma ndisiye msewu, ndikapeza mkuyu waukulu ndikhotere kumanja, ndiwoloke dambo, basi ndafika kwa a Phiri.

Loweruka m'mawa ndinavala suti yanga imodzi yomweyo, magalasi m'maso, n'kukwera njinga. Pa boma mayi wina wogulitsa zitumbuwa anandichenjeza.

"Aphunzitsi, taonani kuphiriko mmene kwadera. Bwanji muyambe mwadikira?"

Ndinamuyankha kuti nkhoswe sachedwa. Mukuona nzeru za munthu wophunzira?

Nditangosiya msewu inayamba, osati mvula yowaza iyi ayi, koma yamkuntho, ya matalala omenya m'makutu ngati wina akukugenda dala. Magalasi anachita nthunzi, ndikawavula sindiona, ndikawavala sindiona. Kenako mphezi inamenya mtengo patsogolo panga, ndinamva fungo la utsi, ndipo sindidziwa kuti njinga ndinatsika bwanji, ndinangopezeka ndagona chafufumimba m'matope. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkadziwa, mpaka la pa chakudya.

Mvula itachepa kunagwa chifunga chochokera kuphiri, choyera ngati ufa, moti tayala lakutsogolo ndinkaliona movutikira. Mkuyu uja ndiupeza bwanji? Ndinagundana ndi mtengo wina, n'kuupapasa, n'kugamula ndekha kuti ndi mkuyu, n'kukhota. Dambo ndinalipezadi, koma linali litasanduka mtsinje. Ndinasenza njinga paphewa n'kulowa, madzi m'chiuno, akundikokera kumunsi, tsidya osaliona. Pamenepo ndinaopa zenizeni, ndinaganiza zoti andipeza mawa nditakodwa m'bango, ndili mu suti. Ndinatuluka ndithu, koma nsapato yakumanzere inapitiriza ulendo wake.

Ndikukankha njinga choncho, m'chifungamo munatulukira anthu awiri onyamula zibonga. Ndinati awa ndi anyamata a chipani, ndiye asanandifunse ndinasolola khadi langa lonyowa n'kulipereka ndi manja awiri. Mmodzi analitembenuzatembenuza.

"N'chani ichi imwe?"

Anali abusa ofunafuna ng'ombe zawo. Munthu wanzeru akanadabwa kuti ndi Mmalawi uti wosadziwa khadi masiku amenewo, koma ine ndinangoti ndi umbuli wa kumudzi. Ndinafunsa kwa a Phiri, iwo analoza kutsogolo. Kodi kudera limenelo kuli mudzi wopanda a Phiri?

Ndinafika pakhomo ndikunjenjemera, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha. Bambo wina wa imvi anandilandira bwino, anandikhazika pamoto m'khitchini, abale n'kusonkhana kudzaona mlendo. Nditamva kutenthera ndinakonza tayi, n'kuyamba mawu amene ndinawaloweza sabata yonse.

"A Phiri, ine ndatumidwa. Mnyamata wathu waona mbeta pakhomo pano, ndipo tulo sakulipeza. Tabwera kudzapempha a Naphiri."

Anthu anayang'anana. Bambo aja anatsokomola.

"A Naphiri ake ati?"

"Omwewa a pakhomo pano. Akudziwana bwino, amakumana ku boda."

"Mnyamatayo ali ndi zaka zingati?"

Ndinati wangopitirira makumi awiri, ntchito ali nayo, mowa samwa. Bambo aja anatembenukira kukona kumene kunakhala mayi wina wokalamba, akusenda mtedza, m'kamwa mwatsala mano owerengeka.

"Achemwali, mwamva? Ku boda mumati mukukagulitsa nthochi, kani mumakachita zimenezi?"

Mayi aja anaika lichero pansi, n'kukonza duku lawo mosafulumira.

"Amuna anga anamwalira kalekale, palibe wondiletsa. Kamuuzeni mnyamatayo kuti ndalola. Koma abwere ndi bulangete, kuno kumazizira."

Nyumba yonse inagwa nacho chiseko, ine thukuta kamukamu pamene ndinali kunjenjemera posachedwa. Ndinatchula dzina la Esinati ndi la mudzi wake. Bambo aja anapukuta misozi n'kundiuza kuti mudzi umenewo uli ku Malawi.

"Nanga kuno ndi kuti?"

"Kuno ni ku Zambia, baba. Malire munawasiya pa dambo paja."

Tangoganizani, mphunzitsi wa boma, wopanda chiphaso, wopanda chilolezo, ali kunja kwa dziko m'zaka zimene zija. Zikanamveka kwa akuluakulu ntchito ikanathera pomwepo, mwinanso zoposa ntchito. Ndinawapempha mogwada kuti nkhaniyi ithere m'khitchini momwemo. Iwo analonjeza, anandibwereka nkhwaira zoti ndivale kumapazi, ndipo chifunga chitayera bambo aja anandiperekeza panjira yachidule mpaka kwa a Phiri enieni, amene anali asuweni awo. Mbeta yeniyeni anatipatsa, ngakhale nkhoswe ndinalankhula nditayang'ana pansi.

Ndinkayesa zatha. Tsiku la ukwati ku Guilleme, tikutuluka m'tchalitchi, ndinamva wina akundikoka jekete. Anali mayi okalamba aja, atatchena chitenje chatsopano, abale awo a ku Zambia ali pambuyo akudziletsa kuseka.

"Ankhoswe, amuna anga aja ndi amenewa mwawapereka kwa wina? Ndiye mulowe m'malo ndinu."

Ndinavina nawo tsiku lonse, pothawira panalibe.

Kuyambira pamenepo ndinalumbira zinthu ziwiri. Kukachita chifunga ine sindituluka m'nyumba, ndipo ndikafika pakhomo pa eni, ndisanapemphe kanthu kalikonse, ndimayamba ndafunsa kuti kuno ndi dziko liti.