Mphatso za a Vitus

Ku Mkanda kuno sikudakhaleko munthu wodana ndi msonkho ngati malemu a Vitus. Akangoona munthu wa tayi akutsika pa kabaza, ankabisa ngakhale chimanga chootcha chomwe akudya.

Matendawa adakula atamva kuti chuma cha womwalira nacho amachidula msonkho. Tidawauza kuti zimenezo n'za eni nyumba zosanja ku Lilongwe, osati mlimi wa mtedza, koma mawu athu adangopita ndi mphepo.

"Ndikhome ndili moyo, ndikakhomenso m'bokosi? Adzandipeza ndilibe ndi singano yomwe!"

Basi adayamba kugawa mphatso, wolandira ali mmodzi yekha: akazi awo, a Esitele. Mayiwa anali pachitengwa, kwawo ku Ludzi, ndipo mwana analibe. Tonse tinkadziwa kuti a Vitus akadzangotsinzina, mng'ono wawo Pius adzawapirikitsa ndi kachikwama kokha. Mbuzi Piusyo anali atayamba kale kuzisuzumira.

Mphatso iliyonse inkafuna mboni. Tsiku lina adakankha njinga mpaka pagolosale ya a Bwanali, mayi ali pambuyo.

"Bwanali, penya bwino. Njinga iyi ndawapatsa mayiwa."

"Nanga mubwerera bwanji?"

"Mayi, tandibwerekaniko njinga yanu."

Zidatsatira mbuzi, ngolo, mpando wa ndalema. Za nyumba adalengeza pabwalo la tchalitchi Misa itangotha, mpaka adakokera anthu kwawo kuti akagwire chitseko ndi manja. Nkhuku ikaswa, ankatiitananso kudzachitira umboni anapiye.

A Esitele nawo ufumu udawakoma. Loweruka lina tidawamva:

"Njinga yanga kumowa siipita."

"Iiii, mayi! Ndidagula ndine!"

"Kafunseni a Bwanali."

Adapita wapansi mdalayo, njira yonse akudandaula kuti bola a msonkho, poti iwo amabwera kamodzi pachaka.

Adamwalira fodya ali m'zigafa. Titangochoka kumanda, Pius adatulukira ndi chingwe chomangira mbuzi.

"Mbuzizo n'za mayiwa," adatero a Bwanali. "Ndidalipo."

"Ngolo nanga?"

Manja asanu m'mwamba.

"Nyumba?"

Kwaya yonse idaimirira.

"Tsono cha achimwene n'chiti pano?" adakalipa Pius, thukuta lili kamukamu.

A Esitele adalowa m'nyumba, natuluka ndi nsapato imodzi ya kumanzere.

"Inzakeyo adandipatsa, alamu. Iyi adati ikhale ya abale."

Tidaseka pamaliro, Mulungu atikhululukire. Wa tayi sadabwere ndi mmodzi yemwe, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati mdala uja ankaopadi boma.

Koma Mkanda wazizira, abale. Nkhuku zikungoswa popanda wotiitana, ndipo ine a Vitus ndimawasowa kwambiri. Dzana ndidadutsa pakhomo paja n'kuwapeza a Esitele pakhonde, ali okha.

"Muli bwino mayi, katundu yense ndi wanu," ndidawaseka.

Adapukuta m'maso ndi chitenje.

"Ndi wanga, inde. Koma wodzandibwereka palibe."