Mmene ndinalembetsera bungwe lokwirira odwala

Ulendo wanga woyamba woimira anthu ku Boma la Ntcheu unakhalanso womaliza, ndipo amene anandituma sanalakwe kundisiya.

Inali nthawi ya Chitaganya. Kwathu ku Tsangano tinali ndi kabungwe konyamula odwala. Munthu akadwala mwakayakaya tinkamugoneka m'machila n'kumasinthana mapewa mpaka kuchipatala cha mishoni. Ndiye kunabwera lamulo latsopano lakuti bungwe lililonse likalembetse kwa Bwana Disi n'kufotokoza ntchito yake, apo ayi lisamasonkhanenso. Boma la masiku amenewo likaona amuna atakhala pansi pa mtengo linkati ayamba ndale. Tikanapanda kulembetsa, machila akanagona padenga, odwala n'kumafera m'nyumba.

Anasankha ine, poti ndinagwirako ntchito m'khitchini ya mzungu ku Halale, n'kubwerako ndi jekete ndi chizungu (jeketeyo inali yathunthu, chizungucho chinali chazigamba, koma kumudzi akanadziwa ndani?).

A Nyoni, wapampando wathu, anandilangiza pondibwereka njinga. "Mukalankhule chathu chomwechi. Womasulira aliko kumeneko."

"Musavutike, bambo," ndinatero. "Mzungu ndimamudziwa."

Mu ofesi, kalaliki womasulira ataimirira kuti andithandize, ndinamuuza kuti apume. Bwana Disi anafunsa ntchito ya bungwe lathu. Tsono m'chizungu mawu akuti kunyamula ndi akuti kukwirira amamveka ngati mapasa, ndipo lilime langa linatola phasa lolakwika. Ndinamuuza, chifuwa chili patsogolo, kuti ife timakwirira odwala.

Mzungu uja anaika cholembera pansi. "Mukunena akufa?"

"Ayi bwana, odwala."

"Akadali moyo?"

Funso ili sindinalimve bwino, koma ku Halale ndinaphunzira kuti mzungu akakweza mawu umavomera. "Inde bwana. Timachita changu, chifukwa tikachedwa amafera m'nyumba."

Nditaona kuti akumvetsera kwambiri, ndinawonjezera kuti amayi amatiperekeza ndi nyimbo, ndipo achibale ena amatithokoza ndi nkhuku. Kalaliki anayesa kulowererapo, ine n'kumutambasulira dzanja kuti adikire akuluakulu amalize (ndikakumbukira dzanja limenelo ndimafuna kulibisa m'thumba mpaka lero).

Bwana Disi anaitana mesenjala n'kumulamula kuti apite nane kwathu. Ine ndinayesa ulemu. Njira yonse mesenjalayo ankapalasa njinga kumbuyo kwanga, ndipo nditamupatsa kachewere wophika anakana, akuyang'ana manja anga.

Tsoka sasimba. Tikuyandikira kumudzi, tinakumana ndi anzanga atanyamula amalume anga, a Maseko, amene chibayo chinawagwira ine nditachoka. Njira ya kuchipatala imadzera m'mbali mwa manda. Anthuwo anaitanidwa ali kumunda, choncho amene ankadikira kulandira machila anali ndi makasu pamapewa. Kumbuyo amayi ankaimba nyimbo ya kutchalitchi, yapang'onopang'ono.

Mesenjala analumpha panjinga ikuyendabe. "Tsitsani munthuyo, boma lalamula!"

Anawatsitsa. Amalume anatulutsa mutu m'bulangete. "Tafika kale?"

"Bambo, mukudziwa kumene anthuwa akupita nanu?"

"Kuchipatala. Inu mumati kuti?"

"Awa," anatero mesenjala akundiloza, "auza Bwana Disi kuti mumakwirira odwala akadali moyo."

Nyimbo inathera pakamwa. A Nyoni anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kukolala ya jekete. Ndinayamba kufotokoza za mapasa aja, koma mawu anandithawa, achizungu ndi achichewa omwe. Amalume anakhosomola, n'kunena motsitsa, "Mphwanga, ukanandiuziratu ndikanasamba."

Mesenjala anaseka mpaka kukhala pansi m'fumbi. Atadzuka anati wachedwetsa wodwala, ndiye anandipatsa njinga yake kuti ndikankhe pamodzi ndi ya a Nyoni, iye n'kuika phewa pamachila. Ndinafika kuchipatala ndili kumbuyo kwa amayi, njinga uku njinga uku, ndikuona mapewa awo akugwedezeka ndi kuseka.

Amalume anachira. A Nyoni anapita okha ku Boma ndi mesenjala uja, analankhula kudzera mwa womasulira, bungwe linalembedwa. Ine anandibwezera pamachila, mbali ya kumiyendo, kumene kulibe wocheza naye.

Mwina mukuti ndinasiya chizungu. Ayi ndithu, ndimachiponyabe ndikapeza mlendo wosadziwa mbiri yanga. Chimene chinasintha n'chakuti ndikapita kukazonda matenda, ndisanakhale n'komwe pamphasa, wodwala amadzuka n'kukhala tsonga.

"Ndikupezako bwino, achimwene," amatero. "Musavutike kuitana anzanu."