Nambala ya Malemu a Nyirenda

Lolemba

Ndani analamula kuti nambala ya kompyuta izitsata udindo wa munthu? Ndafunsa anthu atatu mu ofesi, yankho limodzi: "Ndi mmene tinazipezera."

Kompyuta iliyonse pabungwe lathu lino la ku Chirimba ili ndi adiresi yake, manambala anayi olekanitsidwa ndi madontho. Atatu oyamba ndi ofanana kwa tonse, yomaliza ndiyo ya mwini wake. Mzungu amene anatiyalira mawaya anasiya lamulo mu seva, kompyuta yaikulu yokhala ndi modemu, kabokosi kotumiza imelo pawaya wa foni: kuyambira 1 mpaka 15 imelo itheka, kupitirira pamenepo iwalani.

Bwana Kamwendo: 2. Mayi Chirwa, mlembi wawo: 4. Ine, mwini digiri ya kompyuta imene idakali m'pulasitiki: 38!

Ife akunja tikafuna kutumiza imelo timalemba pamanja n'kuika mu thireyi ya Mayi Chirwa. Iwo amataipa. Amalowezanso. Lamulungu likafika Chilomoni yense wamva, poti amakhala benchi imodzi ndi amayi anga kutchalitchi.

Ndiye m'thumba muno muli kalata ya ku yunivesite ya kunja. Malo andisungira, sukulu yolipiriridwa, koma nditsimikize pa imelo pofika Lachisanu 5 koloko, apo ayi apatsa wina. Amayi sindinawauze. Ndikufuna adzamve kwa ine, zonse zitatheka.

Pulani:
1. Kulemba pulogalamu yoona ngati adiresi ili mkati kapena kunja kwa malire.
2. Kuonetsa bwana kuti mkatimo muli malo ongokhala.
3. Kulowa mkati, kutumiza imelo ndi zala zanga.
4. Kusintha Malawi (zikatha zinazi).

Tinavotera matipate kuti ena tizikhala kunja kwa 15? Ayi ndithu!

Lachiwiri

Buku la manambala ndabwereka kwa Mayi Chirwa. "Libwere lopanda mafuta a tchipisi, achimwene."

Pulogalamu yatha 10 koloko isanakwane. Ukaipatsa adiresi imaona ngati manambala atatu oyamba ndi athu, kenako yomaliza ngati ili pakati pa 1 ndi 15. Yankho: MKATI kapena KUNJA. Yokongola bwanji!

Ndaitana a Makwinja, mesenjala wathu, akhale mboni. Ndataipa ya pulinta, 100. MKATI. Ndataipa ya bwana, 2. KUNJA.

Bwana anali kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi. "Ndatuluka liti, a Digiri?"

Vuto ndalipeza. Pulogalamu imasanja manambala ngati mawu a m'dikishonale, kuyang'ana chilembo choyamba chokha, ndiye 2 akumuona wamkulu kuposa 15. Ndakonza. Bwana abwerera mkati. A Makwinja akuti bola akadakhala kunja komweko sabata imodzi, aone mmene kumazizirira.

Mkati monse muli eni ake, ena amangoseweramo makadi koma amayatsa tsiku ndi tsiku. Yotsala ndi imodzi: 9, ya malemu a Nyirenda, amene anatisiya chaka chatha. Kompyuta yawo ili pakona, yofunditsidwa chitenje, mawaya okulungidwa pamwamba.

Ndapempha 9. Mayi Chirwa avula magalasi. Akuti chiliza sichinamangidwe, mpando wa malemu palibe wakhalapo, kapu yawo palibe wamwera, ine ndikufuna nambala? "Mungavale jekete la malemu achibale asanagawe katundu?"

Nambala si jekete. Sindinanene mokweza.

Lachitatu

Kwa bwana ndi pepala la mfundo zisanu ndi ziwiri. Awerenga mutu wokha. Tidzakambirana pamsonkhano wa mwezi wamawa. Mwezi wamawa!

Chabwino. Umboni ukhale poonekera. Pulogalamu ndaiika pa seva, ndawonjezamo mayina a m'buku la Mayi Chirwa. Tsopano aliyense akayatsa kompyuta dzina lake likutuluka pasikirini, ndi yankho lake.

12 koloko, onse apita kukasaka tchipisi kumsewu. Pakompyuta yanga ndafufuta 38, ndalemba 9. Mphindi zisanu zokha, malemu sangadandaule.

Modemu yayamba kulira ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Ikulumikiza! Kenako zii. A Makwinja abwerako, anyamula foni kuimbira mlamu wawo ku Bangwe, waya wa foni ndi modemu ndi umodzi. Nkhani ya mbuzi, mphindi makumi awiri.

Ndayesanso: fakisi yalowa, masamba khumi ndi limodzi.

Ndayesanso: magetsi azima.

Sanayake mpaka poweruka. Ndapita kunyumba. M'minibasi, pafupi ndi pamsika, ndakumbukira kuti 9 ndamusiya momwemo. Palibe kanthu, mawa ndilawirira.

Lachinayi

Minibasi yatha mafuta pamtunda. Tonse titsike, tikankhe. Ndafika 8 koloko itadutsa.

Ofesi yonse ili panja pansi pa mtengo wa mango. Mayi Chirwa pampando, wina akuwakupiza ndi fayilo. Ndinaiwala kuti a Makwinja akamasesa m'mawa amayatsa makompyuta onse, yanganso. Pasikirini ya seva, zilembo zobiriwira: NYIRENDA, 9, MKATI.

Kompyuta ya malemu ili pomwe paja, chitenje osasuntha, mawaya osalumikiza.

Zimene ndamva pansi pa mtengo:
"Ankabwera nthawi yomweyi, 7 koloko ndendende."
"Akufuna chiliza, tachedwetsa."
"Ine dzulo ndinamva fungo la fodya wawo pakolido." (A Makwinja, amene amasuta fodya yemweyo.)

Atembenukira kwa ine ngati katswiri. Kodi makina anganame? Ndati pulogalamu yanga sinama. Mtima wonyada, ndiwe mdani wanga!

Mwakachetechete ndabwezeretsa 38. Dzina lazimiririka pasikirini pemphero lili mkati. "Amen" wake wamveka mpaka kumagalaja. Ndaimba nawo nyimbo ziwiri, besi.

Chigamulo cha bwana: modemu ichotsedwe, itsekeredwe mu dirowa mpaka abusa adzapemphere Lolemba. Zolowera pawaya sitikuzidziwa, akutero.

Lolemba! Ine Lachisanu langa ndi mawa.

Masana ndathamangira kutauni, kumalo amodzi amene ndimadziwa kuti amatumizira anthu imelo. Pachitseko pepala: makina awonongeka.

Lachisanu

Chakudya cham'mawa chakanika. Amayi akuti ndi malungo.

Masankho awiri: kukhala chete n'kutaya sukulu, kapena kuvomera kuti mzukwa ndine.

9 koloko, mu ofesi ya bwana, manja kumbuyo. Ndanena zonse, ndaonetsa kalata. Awerenga, kenako mapewa ayamba kugwedezeka. Aseka mpaka kupukuta misozi ndi tayi. Atatha kuseka nkhope yabwerera ya ntchito.

"Mwana wanga, ukadangonena Lolemba kuti pali sukulu. Koma dzulo waliza amayi aakulu, ndipo nkhani yafika kale kwa a Nyirenda aakazi."

Chigamulo:
1. Modemu ituluke mu dirowa.
2. Nambala 9 ikhala ya malemu mpaka chiliza.
3. Mawa ndikapepese kwa amayi amasiye ku Machinjiri.
4. Imelo yanga idutsa mu thireyi ngati ya wina aliyense.

Ndalemba pamanja, ndaika mu thireyi 10 koloko. Mayi Chirwa osandiyang'ana. Ayamba ndi makalata a bwana. Kenako tiyi. Kenako akonza riboni ya taipilaita imene palibe amaigwiritsa ntchito.

4 koloko yadutsa. Ndayima pakhomo pawo ngati mwana wa sukulu wochedwa. Ndapepesa, ndapepesanso ndi mawu atchalitchi. Atenga pepala langa ndi zala ziwiri. Akuti Chingerezi changa n'chamwano, kwa azungu aakulu sitilemba ngati tikuitana kondakitala. Akonza ziganizo zitatu. Chondipweteka n'chakuti akonza bwino.

Ine ndagwirizira foni kuti a Makwinja asaiyandikire. Modemu yalira. Kwatsala mphindi zisanu ndi zitatu. YAPITA!

Mayi Chirwa afunsa, "Amayi anu akudziwa?" Ndati ndiwauza ndekha Lamulungu tikaweruka. Angoti, "Ehee."

Loweruka

Machinjiri, ndi shuga ndi buledi m'jumbo, a Makwinja ngati nkhoswe. Ndagwada, ndafotokoza. Mayi Nyirenda amvetsera mpaka kumapeto, kenako aseka mpaka kukhosomola.

Akuti bambo aja kompyuta ankaiopa ngati njoka, sanaiyatsepo ndi tsiku limodzi lomwe. Chitenjecho anafunditsa ndi iwo eni ali moyo. Atamva kuti akuti abwerera kudzataipa, iwo anadziwiratu kuti ndi bodza.

Ndafunsa mwaulemu za chiliza. Mwina chaka chamawa, akagwirizana akumudzi.

Lamulungu

Sitinafike n'komwe pachipata cha tchalitchi. Amayi atatu andigwira chanza. Mkulu wampingo akufuna ndidzamutumizire wotchi. Wina akufunsa ngati ndine uja ndinadzutsa malemu.

Tafika kunyumba ndi amayi anga. Atavula mpango akuti, "Ndamva pabenchi kuti ndili ndi mwana wopita kunja. Mumudziwa?" Kenako alira, kenako apha nkhuku.

Mayi Chirwa anandinong'oneza potuluka m'tchalitchi kuti m'buku asintha. Kuyambira mawa ndine 101, kumbuyo kwa pulinta. Ndayesa m'mutu ndi pulogalamu yanga: KUNJA. Ikugwira bwino ntchito, zimenezo ndiye palibe angatsutse.

A ku yunivesite akufunanso ndiwauze tsiku lofika. Ndang'amba pepala m'kope, ndalemba pamanja ndi zilembo zooneka bwino, ndasiya mipata yoti akonzemo, ndalipinda n'kuika m'thumba la malaya a mawa.