Tayi Yobiriwira pa Unkhoswe wa Tiyamike

Tayi yobiriwira ija ikadali m'kabati, ndipo mayi a kunyumba akukana kuti ndiitaye. Akuti ikhale pomwepo kuti ndikamasankha malaya m'mawa ndizikumbukira kuti kuthamanga sikufika. Ine sinditsutsa, pakuti mboni za mlanduwu zilipo zambiri, zina mpaka ku Ntcheu.

Nkhani inayamba ndi foni ya Tiyamike, mwana wa achemwali anga, amene ndi namwino ku Wolverhampton. Kuno ku England malume ake ndine ndekha, choncho atapeza mnyamata, unkhoswe unandigwera popanda wopikisana naye.

"Ankolo, Liam akufuna abwere ndi makolo ake adzakuoneni. Zikhale simple, musapange stress."

"Bambo ake ndi a ndani?"

"A Daley."

"Kwawo?"

"Liam anabadwira konkuno ku Birmingham. Ankolo ndili pa shift, tiyankhulanabe."

Kwathu nkhoswe sagwira ntchito pa foni. Amanyamuka ndi mapazi ake kukaona pakhomo pa mnyamata, kumwa madzi a pamenepo, ndi kufunsa kwa oyandikana nawo ngati ndi anthu amtendere. Koma ine mashifiti a kunyumba yosamalira okalamba anali atandipana, ndiye ndinati dzina lokha likwanira. Liam. Daley. Munthu wophunzira ngati ine (kumudzi ndinali mphunzitsi wa mbiri yakale, ndisanayambe kusambitsa agogo a eni) sangachite kupempha chithunzi ngati mwana.

Mwayi wake, kuntchito kuli gogo wina wa ku Ireland amene anakalamba akukumba misewu ya mzinda uno. Tsiku lina ndikuwameta ndevu ndinatchula dzinalo, ndipo anadzuka ngati ndawathira madzi ozizira.

"A Daley? Amenewo ndi anthu, mwana wanga! Makolo awo anali alakatuli a mafumu. Mfumu ikawamana nyama ankaipekera ndakatulo yoinyoza mpaka inkasowa poponda."

Anandiuza mmene mbatatesi inaolera m'minda, njala n'kugwa, anthu n'kudzazana m'sitima za pamadzi kupita ku Liverpool ndi ku America. Anandiuzanso za amene anabwera pambuyo pake ku Birmingham kudzasenza njerwa, eni nyumba n'kumawakaniza lendi akangomva kayankhulidwe kawo. Kunena zoona zinandikhudza. Anthu othawa njala, ogwira ntchito zimene eni dziko safuna, otumiza kangachepe kumudzi. Ndinati awa ndi abale athu enieni, khungu lokha.

Madzulo ake ndinatumizira achemwali uthenga wa mawu wonena kuti mwana wawo akulowa m'banja la azungu, alakatuli a mafumu. Alakatuliwo anagwa panjira. Pofika Lamlungu, mudzi wonse unkadziwa kuti Tiyamike akukwatiwa ndi mwana wa mfumu ya azungu.

Kenako ndinayamba zokonzekera. Ndinagula tayi yobiriwira, poti gogo uja anati ndiwo mtundu wa dziko lawo. Ndinapeza pa intaneti chishango cha banja la a Daley, chokhala ndi mkango, n'kuchiika mu felemu. Ndinalemba zoyankhula zodzaza masamba. Kukhitchini ndinalamula mbatatesi yowiritsa ndi kabichi, ndipo botolo la kambuzi ndinalibisa ndekha kuseri kwa shuga.

"Kodi mwamufunsa Tiyamike zimene anthuwa amadya?" anatero mayi a kunyumba.

"Mayi, mbiri ndawerenga ndine."

"Chabwino, aphunzitsi."

(Mkazi wanga akanena kuti aphunzitsi, munthu wanzeru amaima kaye n'kuganiza. Ine ndinapitirira.)

Mumsewu wathu ku Selly Oak malo oimika galimoto amalimbiranidwa ngati pampopi, chifukwa ana a kuyunivesite adzaza nyumba zonse. Tsikulo litafika ndinatulutsa bini ya zinyalala ndi mpando wapulasitiki kutsekera malo a pakhomo pathu, n'kuima pomwepo ndi ambulera, mvula ikuwaza. Sindinafune kuti zidzukulu za alakatuli zinyowe.

Panafika galimoto yotuwa. Woyendetsa anali bambo wakuda ngati ine, wa imvi, mu suti. Pambali pake panali mayi wa chipewa cha kutchalitchi, kumbuyo mnyamata. Bamboyo anatsitsa galasi.

"Pepani bambo, malowa ali ndi mwini?"

"Eya. Ndikudikira alendo olemekezeka, anthu a ku Ireland. Tayesani cha kusiteshoni."

Anayang'ana tayi yanga, anayang'ana nambala ya nyumba. Mnyamata wa kumbuyo anatsegula pakamwa, koma mayi uja anamutambasulira dzanja osacheuka. Bamboyo anathokoza mwaulemu n'kuyendetsa galimoto. Ine ndinakonza bini yanga, mtima uli mbee kuti ndateteza malo.

Patapita kanthawi Tiyamike anatuluka m'nyumba, foni ili m'manja.

"Ankolo, akuti parking yavuta, akubwera wapansi. Oh, ndi awo!"

Ndinacheuka. Anthu atatu aja ankabwera m'mphepete mwa msewu, atanyowa, chipewa cha mayi uja chitagwa makutu. Tiyamike anathamanga kukakumbatira mnyamatayo. Ine ndinatsala nditagwira ambulera pamwamba pa bini.

Sanatchule kanthu. Anandipatsa moni, tinalowa, anakhala. Koma Liam ayenera kuti ananong'oneza mnzake, chifukwa Tiyamike anandikokera kukhitchini, maso ali psuu.

"Ankolo, mwawathamangitsa? Anthu awa akanyamuka osadya, ine pakhomo pano simudzandionanso. Ndikunena serious."

Apa munthu wabwinobwino akanapinda mapepala ake n'kupepesa basi. Ine ndinaganiza kuti njira yokonzera zinthu ndiyo kuwaonetsa kuti dzina lawo ndimalilemekeza. Tinaimika foni patebulo kuti achemwali azionera ali ku Ntcheu, ndipo ndinaimirira, tayi ili patsogolo.

Ndinayamba ndi alakatuli. Ndinadutsa pa mafumu, ndinalowa m'minda ya mbatatesi, ndinakwera sitima ya ku Liverpool. Pofika pa njala mawu anga ankanjenjemera, moti ndinadzimvera ndekha chisoni. Pomaliza ndinawapatsa felemu ija ndi manja awiri.

Bambo Daley anailandira, anavala magalasi, anauyang'anitsitsa mkangowo.

"Mwafufuza bwino," anatero. "Zonsezo n'zoona. Kungoti mwatsika msanga m'sitima. Ena mwa anthu amenewa anapita ku chilumba chathu cha Montserrat, kunyanja ya Caribbean. Ena anapita ngati antchito, ena anakhala eni minda ya nzimbe. Dzinali linafika kumeneko pa sitima yake. Makolo anga anafika pa sitima ina, ali pansi, m'maunyolo. Dzina lawo lenileni palibe akulidziwa."

Anaika felemu pansi, chafufumimba.

"Ife tinabwera kuno phiri litaphulika. Mudzi umene ndinabadwira uli pansi pa phulusa. Ndiye mbiri ya dzinali ndi imeneyo, malinga ndi amene akuisimba."

Ndinkamva mvula pawindo. Mbatatesi yanga inali patebulo, yoyera, yosakhudzidwa. Mayi Daley anatola chikwama chawo n'kuchiika pamiyendo, ndipo Tiyamike anaona zimene ndinaonazo. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire, ndipo mantha anali oposa manyaziwo, chifukwa ukwati wa mwana wa eni unali kundithera m'manja.

Pamenepo pafoni panamveka mawu. Achemwali, amene netiweki inali itawadula pakati pa njala, anali atabwerera, nkhope yonse itadzaza galasi.

"Achimwene! Anthu a kumpingowo tawaona. Nanga mzunguyo afika nthawi yanji?"

Ndinapemphera kuti pasapezeke womasulira. Koma Tiyamike anali atamuphunzitsa kale mnzake Chichewa cha moni ndi cha pamsika, ndipo mawu akuti mzungu anali m'gululo. Liam anasendera pafupi ndi foni, anagwada bwinobwino monga anamulangizira, anaomba m'manja.

"Amayi, muli bwanji? Mzungu ndine."

Achemwali anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Iii, koma dzuwa la ku England," anatero.

Tiyamike ndiye anayamba kuseka, misozi ili m'masaya. Atamasulira, Mayi Daley anaseka mpaka chikwama chinagwa, ndipo sanachitolenso. Mayi a kunyumba analowa kukhitchini n'kutulukako ndi mpunga ndi nkhuku imene anaphika mondibisira, botolo la kambuzi lili m'khwapa. Bambo Daley anathira kambuziyo ngati msuzi.

Tili mkati mwa kudya anandifunsa, mosanyoza konse, kuti nanga dzina langa la makolo, loti likumveka lachizungu chonchi, linachokera kuti. Ndinawafotokozera. Agogo anga ankaphikira mzungu wa esiteti ya fodya, ndipo anthu anangoyamba kuwatchula dzina la bwana wawoyo mpaka linakhazikika. Ndalilemba pa mayeso, pa pasipoti, pa viza. Ndinatha masabata ndikufukula dzina la eni, langa ndisanalifunsepo n'kamodzi komwe.

"Ndiye kuti nafenso tikanabwera ndi felemu," anatero Bambo Daley, akunditambasulira mbale ya nkhuku.

Ukwati unachitika. Tiyamike tsopano ndi Mayi Daley wachiwiri, ndipo dzinalo layendanso ulendo wina, lafika ku Ntcheu, kumene achemwali amalitchula mmene afunira. Ine ndi Bambo Daley ndife ankhoswe ogwirizana, ana akakangana timaimbirana. Zonse anandikhululukira, kupatula chimodzi. Akamabwera kudzacheza amaima pakona ya msewu wathu n'kundiimbira foni.

"Ankolo, tafika. Kodi anthu a ku Ireland aja anabwera, kapena malo alipo?"

Ndimatuluka, kaya kukugwa mvula, n'kukachotsa bini ndekha.