Zilembo pa Khonde la Apongozi

Anthu akandifunsa chifukwa chake ndikadali pa chikamwini kuno kwa Dzoole, pomwe kwathu ku Ntchisi ndinamanga kale nyumba ya njerwa zootcha, ndimangoti mvula ya kuno inandiyanja. Bodza lenileni. Mvula ya kuno ndi ya kwathu n'chimodzimodzi. Chinandimanga miyendo ine ndi maphunziro a mwana wanga, ndipo mphunzitsi wake ndinali ine ndemwe.

Chikamwini sindinachide ayi. Ndinalima, ndinamanga chigafa cha fodya, ndinapha njoka m'khola la nkhuku anthu onse atathawa. Koma mtima wanga unali kwathu, ndipo usiku ndi usana ndinkalakalaka tsiku lomwe ndidzapemphe chitengwa, nditenge mkazi wanga ndi mwana tikakhale m'nyumba yangayanga. Ankhoswe a mbali zonse anali atamvana kale tsiku lodzakambirana. Chinatsala ndi mawu a apongozi anga aakazi, aNabanda, chifukwa pamudzi pano amuna amakamba nkhani koma womaliza amakhala iwo.

Ine ndi aNabanda tinkathawana monga mwa mwambo. Tikakumana panjira ndinkalowa m'chimanga, iwo n'kuyang'ana kumbali. Khonde la nyumba yawo ndinali ndisanalipondepo chikwatirireni. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga, ndipo mkazi wanga akachokapo ankauza nkhuku iliyonse imene ili pafupi, mokweza.

Tsono mwana wathu Takondwa atakwana zaka zitatu, amake anabwera kuchokera ku sikelo ndi uthenga woti anamwino anena kuti mwana amaphunzira posewera, osachita kudikira sukulu. Mkombaphala wa kuno uli kutsidya kwa mtsinje, dzinja sungawoloke ndi mwana. Ine pokhala munthu woti ndinafikako Fomu 2 (ndinachokako ndekha mwaulemu, osamvera zokamba anthu), ndinati ntchito imeneyo andisiyire. M'mera mpoyamba.

Ndinapeza njira yangayanga. Chilembo chilichonse ndinkachifanizira ndi chinthu cha pakhomo. O ndi nkhata ya agogo, I ndi munsi, L ndi khasu, A ndi denga la nkhokwe, Y ndi mphanda ya chigafa. B inandivuta kupeza chofanana nayo, mpaka ndinamuuza kuti ndi amalume anga ukawaonera cham'mbali atakhuta. (Amalume amenewa ndiwo ankhoswe anga. Musaiwale zimenezi monga ndinaiwalira ine.)

Tinayamba ndi kulemba pamchenga, koma nkhuku zinkafufuta sukulu yonse tisanaweruke. Tinasamukira ku makala. Makala anayenda bwino kwambiri, moti mwana analemba pachitseko, pamtondo, pambuzi, ndi pabulauzi yoyera ya amake ya kutchalitchi. Amake Takondwa sanakalipe. Anangondipatsa bulauziyo ndi sopo, n'kundilozera njira ya kumjigo.

Apa m'pamene ndinatulukira nzeru imene inandipha. Kuseri kwa nyumba ndinkathira madzi pansi, n'kusalaza dothi ndi chikhatho, mwana n'kumalemba ndi chala. Palibe chodetsedwa, palibe chochapa. Akalemba bwino ndinkawomba m'manja n'kumupatsa mtedza wokazinga. Ndinachita kumuuza ndi pakamwa panga, mobwerezabwereza kuti asaiwale, kuti paliponse akaona dothi lonyowa losalala, limenelo ndi kope lake. Mwana wanga ndi womvera. Amenewo ndiwo mavuto ake.

Tsiku la nkhani ya chitengwa linafika. ANabanda anali atapita okha kudambo dzulo lake kukasenza mtsiro, dothi lakuda lija lozirira, ndi msana wawo wovutawo. M'mawa anazira khonde lonse kuti alendo adzakhale pabwino, analisalaza mpaka kuwala, kenaka anatsikira kumtsinje kukasamba. Amake Takondwa anali kukhitchini ndi nkhuku. Ine anandiuza kuti ndiyang'anire mwana, koma ndinali pa ntchito yaikulu yosita malaya ndi buluku langa loyera.

Nditavala, ndinazindikira kuti pakhomo pali zii. Amene muli ndi mwana wa zaka zitatu mukudziwa kuti bata lotere si mtendere.

Ndinamupeza atagwada pakhonde la agogo ake, lilime lili panja, ali pa ntchito. Anali atayambira pakhomo n'kumabwerera cham'mbuyo. Nkhata, minsi, makasu, madenga a nkhokwe, amalume anga atatu atandondozana. Ndinaima chapatali, poti khondelo si langa kulipondapo, n'kumamunong'oneza kuti atsike. Iye anatembenuka nati, "Ababa, taonani mphanda."

Ndinayang'ana. Abale, Y ameneyo anali wokongola. Sabata yonse anali akumukanika, nthambi imodzi inkangogwera pansi, koma uyu anaima chilili ngati mphanda yoti ungasanjikepo mtanda. Manja anga sanandifunse. Ndinangomva ndawomba.

Basi, mwana anadziwa kuti wakhoza, anayamba mzere wina.

Ndinaponya maso uku ndi uku, kunalibe munthu. Ndinati mwambo undikhululukire kamphindi kochepa, ndinakwera pakhonde kuti ndimunyamule. Ndinamunyamuladi, koma potembenuka ndinaona kuti pa zilembo zija ndaonjezapo mapazi a nsapato zanga, ndipo pamudzi ponse wovala nsapato zazikulu choncho ndine ndekha. Ndinamuika pansi mwana, ndinavula nsapato, ndinagwada n'kuyamba kufufuta ndi chikhatho. Dothi linali litayamba kuuma, linkangomatuka. Ndinathamangira ndowa n'kuthirapo madzi. Apa khonde linasanduka dambo. Ine ndikusalaza kutsogolo, Takondwa anali kumbuyo kwanga, waona dothi lonyowa losalala, akudzaza. Potembenuka kuti ndimuletse ndinaterereka n'kukhala pansi, ndi buluku loyera lija.

Tsoka silinunkha. Nthawi yomweyo njinga yamoto inaima pabwalo, amalume anga n'kutsika. Kuchokera kuseri kwa nkhokwe anatulukira amalume a mkazi wanga. Ndipo panjira ya kumtsinje, ndowa ili pamutu, anatulukira aNabanda.

Mwambo umati tikaonana wina apatuke. Koma iwo akanapatukira kuti, nyumba ili yawo? Ine ndikanathawa bwanji, nditakhala m'matope ngati bakha? Ndinangoweramitsa mutu. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo, ndinalakalaka dothi lomwelo litandimeza. Nkhuyu zodya ana zimapotadi akulu.

ANabanda anatula ndowa pang'onopang'ono. Sanandiyang'ane. Anayang'ana khonde nthawi yaitali, kenaka anaitana mdzukulu wawo n'kumufunsa kuti ichi n'chiyani. Mwana anati ndi O, nkhata ya agogo. Nanga ichi? L, khasu. Anayenda naye khonde lonse, iye akutchula chimodzichimodzi osaphonya. Atafika pa B, Takondwa sanavutike n'kufotokoza. Anangoloza amalume anga, omwe mwatsoka anali ataima cham'mbali. Amalume a mkazi wanga anagwidwa ndi chifuwa chadzidzidzi, anapita kukatsokomolera kuseri kwa khola.

Nkhani anakakambira pansi pa mtengo wa mango, ine nditavala buluku lakumunda. Amalume anga anayankhula bwino ndithu, ngakhale ankayesetsa kukhala moyang'ana anthu ndi kumaso. A mbali inayo anati alibe chifukwa ndi ine, ndine mkamwini wolimbika. Mtima unayamba kutsika. Kenaka anatumiza mawu kwa aNabanda, amene anakhala poteropo ndi amayi ena atatipatsa mbuyo. Ine ndinkadikira mlandu wa khonde, ndipo ndinali wokonzeka kupepesa ndi nkhuku.

Iwo anayankha mofatsa, akuyang'ana mtondo. "Auzeni bambo a Takondwa kuti za khonde sindinadandaule. Ana anga onse analowa sukulu osadziwa kugwira pensulo, uyu akulemba asanasiye kukodza pamphasa. Koma munda sausiya pakati. Mwana wayambira zilembo pakhonde pano, amalizire pompano. Akafika kumapeto, atenge banja lawo azipita."

Anthu onse anati mawuwo ndi anzeru. Amalume anga, amene B inali ikuwawawabe, ndiwo anayamba kuvomereza.

Ndinalimba mtima, ndinati zilembo si zambiri. Tinagwira ntchito ine ndi mwana wanga, mtedza wa mbewu unathera pomwepo. ANabanda anayamba kuzira khonde Loweruka lililonse n'kulisiya lonyowa dala, ndipo anauza nkhuku ina mokweza kuti aphunzitsi ali ndi ufulu wokwera pakhonde nthawi ya sukulu. Pofika nthawi yokolola, Takondwa analemba Z wooneka bwino. Ndinamunyamula m'mwamba, misozi ili m'maso, ndikuona kale phiri la kwathu.

Loweruka lotsatira ndinapeza pakhonde pali mapasa a mlamu wanga, atasambitsidwa, atapakidwa mafuta, atakhazikidwa mwaulemu. ANabanda anauza tambala kuti mdzukulu ndi mdzukulu, iwo sasankha. Mapasawo asanafike n'pakati pomwe, anabwera mwana wa achimwene a mkazi wanga. Pano ndikunena, amake Takondwa ayamba kudana ndi fungo la usipa, ndipo amene anabereka akudziwa tanthauzo lake.

Phunziro ndinalitola: mkamwini akhale wolimbika, koma asakhoze kwambiri. Kungoti ndinalitola mochedwa, komanso mwana akalemba bwino manja angawa amawombabe okha.

Dzana amalume anaimba foni kuchokera ku Ntchisi. Akuti m'nyumba yanga ija mwalowa mbuzi za aneba, ndipo amafuna kudziwa kuti zilembo zija tafika nazo pati.

Ndinawauza kuti tili pa A.