Pempho Loti Wendell Alembedwe M'kaundula wa Zimbalangondo

Kwa Olemekezeka Nduna ya Chitetezo cha Anthu,

Bwana, ndikulemba chogwada, ngakhale pansi pauma ndi chisanu kuno kumpoto kwa Manitoba. Ndine mayi wogulitsa madonasi ndi khofi. Maphunziro a zamalamulo ndinawasiyira m'chaka chachiwiri, tsiku limene mnyamata wina wokanidwa chibwenzi analowa ndi mfuti m'nyumba yathu yogona atsikana. Ine ndinapulumukira m'kabati ya matsache. Choncho pamene ndalakwitsa mukhululuke, sukulu sindinamalize.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kansalu koyera ka riboni kamene mumavala chaka ndi chaka pokumbukira anzanga amene anaphedwa tsiku lija. Kamakukhalani. Chaka chino munaliranso, ndipo misozi inayamba nthawi yake yeniyeni, wojambula atangokonzeka.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha pepala lakukhoti loletsa Wendell, mwamuna wanga wakale, kundiyandikira mamita zana. Amalimvera ndithu. Amaimika galimoto pa mamita zana ndi limodzi, moyang'anana ndi windo limene ndimagulitsirapo. Mfuti zake zitatu zosakira agwape zimafika mamita mazana atatu, koma masamu sindinapite nawo patali.

Chachitatu, ndinadandaula ku ofesi yanu ya ziphaso za mfuti mu Epulo. Anandiyankha mwaulemu kuti nkhaniyo ili pamzere. Mzerewo ukuoneka kuti ndi wautali kuposa nyengo yosaka, yomwe Wendell waimaliza bwino lomwe.

Chachinayi, ndinagula kachitini kopopera tsabola m'maso. Wapolisi wachifundo anandiphunzitsa kuti kukanyamulira munthu ndi mlandu, koma kukanyamulira chimbalangondo ndi nzeru. Apa ndi pamene maso anga anatseguka.

Mwezi watha chimbalangondo chinafika kuseri kwa sitolo yathu kudzanunkhiza bini ya zinyalala. Sichinaopseze munthu, sichinatumizepo uthenga wonena malo amene chidzandikwirire. Komabe pasanathe mphindi makumi awiri panafika galimoto ziwiri za boma. Anachibaya jakisoni wogonetsa, n'kukachitula kunkhalango yakutali. Palibe anafunsa bini ija kuti inavala chiyani, kapena ngati inayesapo kukambirana nacho.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, Bwana. Sindikupempha lamulo latsopano, ndikudziwa alenje amavota. Ingolembani Wendell m'kaundula wa zimbalangondo. Zomuyenereza ali nazo: ubweya kumsana, kubangula, kugona nyengo yonse yozizira, kudya chilichonse chimene sanagule. Ndinakhala naye zaka khumi ndi zinayi, ndikhoza kulumbira.

Zikavuta, ndilembeni ineyo ngati bini ya zinyalala ya boma, kuti wina azibwera ndikaitana.

Koma mukachedwa monga mwa mwambo, pa mwambo wa chikumbutso wa chaka chamawa dzina langa mudzalitchule bwino. Mudzayeserere kunyumba, ndi lovutirapo.

Wanu wogwadabe,
Maureen Hrynchyshyn