A Mphuno ndi Mabafa a Pamdadada

A Mphuno sankagwira sipanala asananunkhize. Anali pulambala, munthu wamfupi, wa tayi yofiirira imene sankaivula ngakhale polowa m'ngalande. Akafika pakhomo ankatula bokosi la zida panja, n'kulowa m'bafa chokwawa, mphuno pansi, matako m'mwamba, kununkhiza ngodya ndi ngodya. Dzina lawo lenileni ngakhale akazi awo ankachita kuliganizira kaye.

Amene ankawadziwa bwino anali Mai a Makiyi, oyang'anira mdadada wa nyumba zalendi khumi ndi ziwiri, zina pansi zina pamwamba. Mdadadawo unali wokalamba, mapaipi ake otopa. Mwini wake ankakhala kutali, ndipo akamuimbira foni za fungo ankangoti, "Tsegulani mawindo." Choncho madandaulo onse ankathera pakhomo pa Mai a Makiyi, ndipo iwo analibe kwina kolowera koma kwa a Mphuno.

Tsiku lina akazi a aphunzitsi a panambala 3 anabwera atagwira m'chiuno.

"Mai, abambo awa andiphera m'nyumba. Ndawaletsa nyemba, ndawaletsa mazira, koma fungo lili pompo!"

Aphunzitsi anali kumbuyo kwawo, khosi litatalika ndi njala. "Mwezi wathunthu ndikukadzithandizira kusukulu," anatero motsitsa mawu. "Nanga lingachokere kwa ine bwanji?"

A Mphuno anakwawa bafa lonse. Anadutsa toileti osaiyang'ana n'komwe, n'kukaima pa kabowo kotulukira madzi kamene kanali pansi, kuseri kwa chitseko.

"Kabowoka kanamwa liti madzi?"

"Ine ndimakolopa ndi nsanza yofinya. Madzi safikako."

"Ndipatseni kapu."

Anathira kapu imodzi yokha n'kudzuka, akusasa mawondo. "Pansipa pali paipi yopindika. Mopindikamo mumakhala madzi, ndipo madziwo ndiye chitseko. Akauma, mpweya wakudzenje umakwera mwaulere. Aphunzitsi alibe mlandu. Akazingireni mazira, anayi."

Aphunzitsi anakhala pansi pakhonde n'kulira ngati munthu wotuluka kundende.

Panalinso dalaivala wa basi wa panambala 9, mwamuna wa dazi lonyezimira, amene akazi ake ankameta tsitsi lonse. Sinki yawo inkanunkha ngati chinthu chafera m'khoma. A Mphuno anamasula paipi yapansi, n'kusolola chingwe cha tsitsi lowola ndi sopo, kutalika kwake mkono wonse. Mai a Makiyi anayamba kufunafuna khomo ndi maso.

"Tsitsi limeneli n'la ndani?" anafunsa akazi a dalaivala, mawu ali ozizira.

A Mphuno analinyamula, n'kulinunkhiza kumutu mpaka kumchira, maso ali tsinzi.

"Ili lili ndi zaka zinayi. Inu munalowa liti muno?"

"Chaka chatha."

"Basi, n'la amene anatuluka."

Koma potsika masitepe a Mphuno anamukoka dalaivalayo malaya. "Tsitsi lija n'la milungu iwiri, achimwene. Ndikadzalipezanso, mphuno yangayi idzalankhula yokha." Kuyambira pamenepo dalaivala ankaweruka molunjika kunyumba, ndipo akawaona a Mphuno patali ankavula chipewa.

A Mphuno ankadana nawo koopsa mankhwala opopera. Akalowa m'bafa lopoperedwa ankatuluka akuyetsemula. "Mwalivekanso suti fungoli? Ndilizindikira bwanji tsopano?" Ankakhala panja kudikira kuti mankhwalawo athe, akumwa tiyi wa eni nyumba, makapu atatu.

Nawonso Mai a Makiyi linawafikira tsiku lawo. Mdadada wonse unanunkha nthawi imodzi, tsiku lomwe telala wa panambala 5 ankayembekezera akuchimuna odzafunsira mwana wake. Matoileti ankachita kulira guu guu okha. Telala anathamanga tepi ili m'khosi. "Mai, anthu aja afika thuu koloko. Akalowa muno ukwati watha!"

A Mphuno sanalowe m'bafa lililonse. Anaima pabwalo, n'kuzungulira kawiri mphuno ili m'mwamba, kenaka anapempha makwerero. Alendi onse anatuluka kudzaonerera. Patapita kanthawi mawu anamveka kuchokera padenga.

"Paipi iyi ndi yopumira nyumba yonseyi! Ndani wazikamo mlongoti wa TV, n'kutsenderamo nsanza?"

A Mphuno anasolola nsanzazo n'kuzitambasula kuti aliyense aone. Inali diresi yamaluwa achikasu imene mdadada wonse unkaidziwa.

"Ndimati ndi paipi yopanda ntchito," anatero Mai a Makiyi, akuyang'ana zala zakumapazi.

"Mai, inuyo? Kuitseka nyumba mphuno chifukwa cha mpira?"

Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Akuchimuna anafika fungo litatha, ndipo paukwatipo a Mphuno anawakhazika kutsogolo, pafupi ndi ankhoswe.

Chaka chimene anadwala chimfine chachikulu, anakhala milungu isanu osaoneka. Atadzuka, Mai a Makiyi anawaitanira kunambala 7, kwa namwino amene anakhala pamdadadapo zaka khumi ndi chimodzi. A Mphuno anabwera atawonda, tayi ikulendewera. Anagwada, anakwawa, anabwereranso poyambira. Kenaka anakodola Mai a Makiyi n'kutseka chitseko.

"Mai, sindikumva kanthu."

"Mwati bwanji?"

"Ngakhale sopo uyu. Chimfine chija chinapita nayo mphuno. Musauze munthu." Anawagwira dzanja. "Gwadani apa, mundibwereke yanuyo."

Mai a Makiyi, ndi thupi lawo lonse lija, anagwada pambali pa toileti, makiyi akulira m'chiuno.

"Mukumva chiyani?"

"Kununkha."

"Kununkha kotani? Kwa dzira lowola? Kwa nsanza yonyowa? Kwa khoswe wakufa?"

Anakoka mpweya mpaka misozi. "Kununkha basi, a Mphuno."

Anasekera limodzi ali chigwadire, anthu akuluakulu awiri pa simenti yozizira. Koma Mai a Makiyi atacheuka anaona kuti anzawowo asiya kuseka, akungopukuta magalasi awo a maso ndi tayi. Tsikulo a Mphuno anamasula paipi iliyonse m'bafamo, chinthu chimene anali asanachitepo, ndipo sanapeze kanthu. Ananyamula bokosi lawo n'kunena kuti abweranso Lolemba. Chimfine chinawabwerera Loweruka, ndipo mwezi usanathe anawaika m'manda.

Fungo la panambala 7 lilipobe. Kunabwera pulambala wina, anaswa matailosi onse n'kuzimitsa foni. Wachiwiri anazula toileti n'kuikapo yatsopano, fungo n'kungoilandira ndi manja awiri. Wachitatu anangosuzumira pakhomo n'kunena kuti zimenezi n'zofunika mapemphero. Mai a Makiyi anathira madzi m'kabowo kalikonse, anakwera okha padenga, anakwawa mpaka mawondo kusupuka. Zonse anachita monga ankaonera, koma sankadziwa chimene akufuna.

Namwino anapirira miyezi inayi. M'mawa wina lole inaima pabwalo.

"Mai, musandione ngati woipa. Mwanayu akumakana kusamba, akuti m'bafa muli chinthu."

"Ndikudziwa, asisi. Pitani bwino."

Anamuthandiza kukweza matiresi, n'kuimirira pageti mpaka loleyo itakhota.

Masiku ano pamdadadapo fungo likabuka palibenso amene amatuluka kudzaonerera. Munthu amangogula chopopera mwakabisira, n'kutseka chitseko, n'kumakayikira woyandikana naye. Nambala 7 ikadali yopanda munthu. Ofuna nyumba amabwera, amayamikira chipinda chochezera, amayamikira khitchini, ndipo Mai a Makiyi amawatsogolera pang'onopang'ono, kuchedwetsa dala. Sabata yatha kunabwera banja lina lachinyamata. Mkaziyo anatsegula chitseko cha bafa n'kubwerera m'mbuyo, dzanja lili pakamwa.

"Iii, mai! Simungaitane munthu wodziwa?"

Mai a Makiyi anakankha windo la bafalo mpaka kumapeto, n'kuwaperekeza alendowo kugeti.